Mmene Mungatsitsire BP Pochepetsa Kunenepa

Dzina lakuti kuthamanga kwa magazi, limene tonse tinalizolowera ponena za BP, limasokoneza pang'ono, chifukwa chimene achipatala amayeza si liwiro la magazi ayi, koma mphamvu imene magaziwo amakankhira makoma a mitsempha pamene mtima ukuwapopa. Munthu amene wamvetsa mfundo imeneyi savutika kuona chifukwa chake kunenepa kwambiri ndi matenda a BP zimayendera limodzi. Thupi likakula, pamafunika magazi ochuluka oti afike paliponse, mtima umapopa mwamphamvu kuposa kale, ndipo mitsempha imakhala ikulandira mphamvu yochulukayo usana ndi usiku kwa zaka zambiri, mwiniwake osamva kalikonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti akuluakulu pafupifupi 1.3 biliyoni ali ndi matenda amenewa, ndipo pafupifupi theka la anthuwo sadziwa n'komwe kuti ali nawo. Bungwe lomweli linawerengera kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa mopitirira muyezo. Ziwerengero ziwirizi n'zolumikizana kwambiri, moti akatswiri ambiri amati mbali yaikulu ya matenda a BP amene sachokera ku matenda ena, pakati pa 65 ndi 75 peresenti, imakhudzana ndi kulemera kwa thupi kopitirira muyezo. Kafukufuku wotchuka wa ku Framingham m'dziko la America, amene anayamba mu 1948 ndipo wakhala akutsatira anthu a m'tauni imeneyo ndi ana awo kwa zaka zambirimbiri, ndi mmodzi mwa amene anasonyeza zimenezi momveka bwino.

Yambani ndi kuyeza, ndipo muyeze molondola

Musanasinthe chilichonse pa kadyedwe kanu, pezani manambala atatu: BP yanu, kulemera kwanu poyerekezera ndi kutalika, ndiponso kukula kwa mimba yanu. Popanda manambala amenewa mudzakhala mukungoganizira, ndipo pakatha miyezi itatu simudzadziwa ngati khama lanu likuphula kanthu.

BP imalembedwa ndi manambala awiri, mwachitsanzo 120/80. Nambala yapamwamba imasonyeza mphamvu ya magazi pamene mtima wafinya, ndipo yapansi imasonyeza mphamvu imene imatsala m'mitsempha pamene mtima wapumira pang'ono usanafinyenso. Malinga ndi WHO, munthu amaonedwa kuti ali ndi matenda a BP ngati pamasiku awiri osiyana nambala yapamwamba yafika 140 kapena kuposa, kapenanso yapansi yafika 90 kapena kuposa. Madokotala a ku America anatsitsa malirewa mu 2017 kufika pa 130/80, choncho musadabwe mukamva manambala osiyana kuchokera kwa anthu osiyana. Onse amagwirizana kuti ngozi imakula pang'onopang'ono pamene manambala akukwera kuchoka pa 120/80, ndipo palibe mzere umene munthu angaime m'munsi mwake n'kunena kuti watetezeka kotheratu.

Pano pali chinthu chimene chimakhudza makamaka anthu onenepa, ndipo kawirikawiri chimanyalanyazidwa. Lamba wa makina oyezera BP, uja amakulungidwa pamkono n'kupopedwa mpweya, amakhala wa masaizi osiyanasiyana. Lamba wamng'ono akakulungidwa pamkono waukulu, makina amapereka nambala yokwera kuposa BP yeniyeni, nthawi zina ndi manambala ochuluka ndithu, moti munthu angauzidwe kuti akudwala kwambiri pamene vuto lake ndi laling'ono, kapenanso angawonjezeredwe mankhwala popanda chifukwa. Ngati mkono wanu ndi waukulu, pemphani lamba wamkulu, ndipo musachite manyazi kutero. Ngati mukugula makina anuanu, yezani kaye kuzungulira kwa mkono wanu pakati pa phewa ndi chigongono, n'kuyerekezera ndi masentimita amene alembedwa palambayo. Makina oyeza pamkono wapamwamba ndi odalirika kuposa oyeza padzanja.

Poyeza, khalani pampando mutatsamira msana, mapazi onse ali pansi osapingasa miyendo, ndipo mupume kwa mphindi 5 musanayambe. Mkono ukhale utagona patebulo molingana ndi pamene pali mtima, lamba akhale pakhungu osati pamwamba pa malaya, ndipo musalankhule makina akamayeza. Kwa mphindi 30 musanayeze, musasute fodya, musamwe khofi ndiponso musagwire ntchito yolemetsa. Ngati chikhodzodzo chadzaza, yambani mwapita kukataya madzi. Yezani kawiri motalikitsa ndi mphindi imodzi, m'mawa ndi madzulo, kwa masiku 7, ndipo mulembe zonse m'kabuku. Nambala imodzi yokwera si chigamulo, chifukwa BP imasinthasintha tsiku lonse, ndipo anthu ena imawakwera akangoona dokotala. Chofunika ndi pamene manambala ambiri akugwera. Kwa munthu woyezera kunyumba, madokotala ambiri amatenga 135/85 ngati malire.

Nambala yachiwiri ndi imene imatchedwa BMI. Mumaipeza pogawa kulemera kwanu m'makilogalamu ndi kutalika kwanu m'mamita mutakuchulukitsa ndi nambala yomweyo. Tiyerekeze munthu wolemera makilogalamu 90, wamtali mamita 1.70: mukachulukitsa 1.70 ndi 1.70 mumapeza 2.89, ndipo 90 mukaigawa ndi 2.89 mumapeza pafupifupi 31. BMI ya pakati pa 18.5 ndi 24.9 imaonedwa kuti ndi yabwinobwino, kuyambira 25 mpaka 29.9 ndiye kuti thupi lapitirira, ndipo kuyambira 30 kupita m'tsogolo ndiko kunenepa kumene achipatala amakuwerengera ngati matenda. Muyezo umenewu uli ndi pobisalira: susiyanitsa minofu ndi mafuta, ndipo suuza munthu pamene mafutawo aunjikana.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti tepi yoyezera zovala ndi yothandiza kuposa sikelo pankhani imeneyi. Imirirani, pezani malo a pakati pa nthiti yomalizira ndi pamwamba pa fupa la m'chiuno, amene kwa anthu ambiri amakhala chapamwamba pang'ono pa mchombo, kenako tulutsani mpweya mwachibadwa n'kuyeza osakoka mimba. Kwa amuna ngozi imayamba kukula muyezo ukapitirira masentimita 94 ndipo imakula kwambiri ukapitirira 102. Kwa akazi malire ake ndi 80 ndi 88. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti kuzungulira kwa mimba kusafike theka la kutalika kwanu, choncho munthu wa mamita 1.70 uja ayenera kukhala m'munsi mwa masentimita 85.

Chifukwa chake mafuta a pamimba ndiwo ovuta

Mafuta a m'ntchafu ndi m'matako amakhala pansi pa khungu ndipo sasokoneza thupi kwambiri. Koma mafuta amene amaunjikana mkati mwa mimba, mozungulira matumbo, chiwindi ndi impso, sangokhala phee ngati katundu wosungidwa. Amatulutsa mahomoni, omwe ndi timadzi tonyamula mauthenga m'thupi, ndi zinthu zina zimene zimalowa m'magazi n'kusintha mmene mitsempha ndi impso zimagwirira ntchito. Imodzi mwa mahomoni amenewa ndi leptin, imene asayansi anaitulukira mu 1994. Mafuta akachuluka leptin imachulukanso, ndipo imadzutsa mbali ya ubongo imene imalamula thupi kukhala tcheru ngati kuti pali ngozi, zomwe zimachititsa kuti mtima uzigunda mofulumirirapo ndiponso mitsempha ing'onoing'ono ifinyike.

Koma phata la nkhaniyi lili pa impso. Ntchito imodzi ya impso ndi kuchotsa mchere ndi madzi opitirira muyezo, ndipo ndi ntchito imeneyi imene imakhazikitsa BP ya munthu kwa nthawi yaitali. Mwa munthu wonenepa kwambiri impso zimapanikizika ndi mafuta ozizungulira, zimalandira mauthenga ochokera ku ubongo ozilamula kusunga mchere, ndiponso zimakhudzidwa ndi mahomoni otchedwa angiotensin ndi aldosterone, amene amafinya mitsempha ndi kusunga mchere m'thupi. Mchere ukasungidwa umakoka madzi, magazi amachuluka, ndipo BP imakwera mpaka itafika pamene impso zingathe kukankha mcherewo kunja. Tinganene kuti thupi limakweza BP pofuna kudzipulumutsa, koma mtengo wake ndi waukulu, chifukwa BP yokwerayo imawononga pang'onopang'ono tizosefera ta m'impso momwemo, ndipo impso zowonongeka zimakwezanso BP. Apa m'pamene pali chifukwa chochitira changu: munthu amene wachepetsa thupi impso zisanawonongeke amaona kusintha kwakukulu kuposa amene wadikira zaka 20.

Palinso njira ina imene mwiniwake sangaione, chifukwa imachitika ali m'tulo. Mafuta a m'khosi amapanikiza njira ya mpweya, moti munthu amaliza mkonono kwambiri, kenako amasiya kupuma kwa masekondi angapo, n'kudzidzimuka akubanika, ndipo zimenezi zingachitike kambirimbiri pa ola limodzi. Nthawi iliyonse imene mpweya wachepa m'magazi, BP imadumpha, ndipo m'kupita kwa nthawi imakhala yokwera ngakhale masana. Ngati amene mumagona nawo chipinda chimodzi amadandaula za mkonono wanu, ngati mumadzuka mutu ukuwawa kapena mumawodzera masana ngakhale munagona maola okwanira, auzeni adokotala. Vuto limeneli ndi limodzi mwa zifukwa zimene BP ya anthu ena imakanira kutsika ngakhale akumwa mankhwala amitundu itatu.

Dziikireni cholinga chaching'ono

Anthu ambiri amagwa ulesi asanayambe, chifukwa amaganiza kuti ayenera kubwerera ku thupi limene anali nalo ali achinyamata. Mitsempha sifuna zimenezo. Kafukufuku wambiri atamuphatikiza pamodzi anasonyeza kuti, mwa anthu ambiri, kilogalamu imodzi iliyonse imene munthu wataya imatsitsa nambala yapamwamba ya BP ndi pafupifupi 1. Choncho cholinga chimene madokotala amapereka kawirikawiri ndi kuchotsa pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya kulemera kwa thupi m'miyezi pafupifupi 6. Kwa munthu wa makilogalamu 90 uja, zimenezi zikutanthauza makilogalamu apakati pa 4.5 ndi 9. Akafika pa 81, BMI yake idzakhala 28, kutanthauza kuti pamapepala adzaonekabe wopitirira muyezo, komabe BP yake ingatsike pafupifupi mofanana ndi mmene mtundu umodzi wa mankhwala ungaitsitsire, ndipo shuga wa m'magazi ndi mawondo ake zidzapindulanso.

Liwiro loyenera ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pamlungu. Kutsika mofulumira kuposa pamenepa, makamaka podzimana chakudya, kumachotsa madzi ndi minofu pamodzi ndi mafuta, ndipo nthawi zambiri kulemerako kumabwerera munthu akangotopa ndi njala. Kukabwerera, BP nayonso imabwerera.

Zoyenera kusintha pa kadyedwe

Yambani ndi zakumwa, chifukwa ndi pamene munthu amapindula msanga popanda kumva njala. Chitini chimodzi cha mamililita 330 cha zakumwa zotsekemera chingakhale ndi magalamu pafupifupi 35 a shuga, amene ndi masupuni aang'ono oposa 8, ndipo thupi silimva kukhuta ndi zamadzi ngati mmene limamvera ndi chakudya chotafuna. Shuga wothira mu tiyi kangapo patsiku amawerengedwanso. Ngakhale juwisi wa zipatso ali ndi shuga wambiri, choncho ndi bwino kudya chipatsocho kusiyana ndi kumwa madzi ake. Mowa umavulaza mbali ziwiri: galamu iliyonse ya mowa weniweni imakhala ndi makalori 7 (makalori ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapereka, ndipo otsala thupi limawasunga ngati mafuta), komanso mowa pawokha umakweza BP, ngakhale mwa munthu wochepa thupi.

Chachiwiri ndi mafuta ophikira ndi zakudya zokazinga. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene galamu ya zakudya zokhutitsa kapena zomanga thupi ili ndi 4 okha. Kuyeza mafuta ndi supuni m'malo mongothira kuchokera m'botolo, ndiponso kuwiritsa kapena kuwotcha m'malo mokazinga, kumachotsa makalori ambiri mbale isanachepe n'komwe. Kenako onani mbale yeniyeniyo. Theka lake likhale ndiwo zamasamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale zomanga thupi monga nyemba, nsomba, mazira kapena nyama yopanda mafuta ambiri, ndipo gawo lotsalalo likhale chakudya chokhutitsa, makamaka chochokera ku mbewu zosapuntha kwambiri. Palibe chifukwa chosiyiratu chakudya chokhutitsa chimene munazolowera. Chimene chiyenera kusintha ndi kukula kwa gawo lake ndiponso chizolowezi chowonjezera kachiwiri. WHO imalangiza magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba patsiku, ndipo phindu lake silili pa kukhutitsa kokha, chifukwa zakudya zimenezi zili ndi potaziyamu amene amathandiza impso kutulutsa mchere. Kadyedwe kotchedwa DASH, kamene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1997, kanasonyeza kuti kudya zipatso, masamba ndi mkaka wopanda mafuta ambiri kumatsitsa BP m'milungu yochepa ngakhale munthu asanachepe thupi.

Mchere uyenera kutchulidwa pawokha. Sunenepetsa, koma popeza taona kuti impso za munthu wonenepa zimavutika kale kuutulutsa, munthu wotereyu ndi amene amavulala nawo kwambiri. Muyezo wa WHO ndi wosafika magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza mchere wonse wa m'chakudya cha tsiku lonse, ndipo anthu ambiri padziko amadya kuwirikiza kawiri muyezo umenewu. Kupatula wothira pophika, mchere wina umabisala mu buledi, nyama zokonzedwa kufakitale monga masoseji, zakudya za m'zitini, tizidutswa tokometsera ndiwo ndi zokhwasula-khwasula za m'mapaketi. Chotsani mchere patebulo, chepetsani wophikira pang'onopang'ono, ndipo kometsani chakudya ndi adyo, anyezi, mandimu kapena tsabola. Lilime limazolowera pakatha milungu ingapo, moti chakudya chimene kale chinkakoma chimayamba kumveka chowawa mchere. Mchere wina umene amagulitsa, umene mbali yake ndi potaziyamu, umathandiza anthu ambiri, koma amene ali ndi vuto la impso kapena amamwa mankhwala a BP ngati enalapril ndi losartan asaugwiritse ntchito asanafunse dokotala, chifukwa potaziyamu akachulukitsa m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima.

Kulimbitsa thupi ndi kugona

Akuluakulu amalangizidwa kuchita mphindi zapakati pa 150 ndi 300 pamlungu za zinthu zimene zimachititsa munthu kupuma mofulumira koma n'kumathabe kulankhula, monga kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena kusambira, kuwonjezera masiku awiri a zolimbitsa minofu. Kunena zoona, masewera olimbitsa thupi paokha sachepetsa thupi kwambiri ngati kadyedwe sikanasinthe, ndipo ambiri amakhumudwa akaona sikelo ili pomwepo patatha mwezi wathunthu. Asakhumudwe, chifukwa kuyenda kumatsitsa BP mwachindunji, kumachepetsa mafuta a mkati mwa mimba ngakhale sikelo isanasunthe, ndipo ndi kumene kumathandiza kwambiri kuti makilogalamu amene achoka asabwerere. Amene sanazolowere ayambe ndi mphindi 10 patsiku n'kumawonjezera mlungu ndi mlungu. Ponyamula zolemera musamagwire mpweya, ndipo ngati BP yanu ili cha ku 180/110 kapena kuposa, yambani mwaonana ndi adokotala. Kugona maola osachepera 7 kumathandizanso, popeza munthu wosagona mokwanira amamva njala kwambiri tsiku lotsatira.

Mankhwala

Kuchepetsa thupi sikulowa m'malo mwa mankhwala amene mwapatsidwa kale. Ngati mukumwa mankhwala a BP monga amlodipine, hydrochlorothiazide kapena ena otere, pitirizani kumwa tsiku lililonse, ngakhale manambala ayambe kuoneka bwino, chifukwa mwina akuoneka bwino chifukwa cha mankhwala omwewo. Chimene muyenera kuchita ndi kupita ndi kabuku kanu ka manambala kwa adokotala, amene angachepetse mlingo akaona kuti BP yatsikadi kwa nthawi yaitali. Chizindikiro chakuti nthawi imeneyo mwina yafika ndi chizungulire poimirira, ndipo mukachimva musadikire tsiku limene munapatsidwa. Anthu ena, ngakhale atachepetsa thupi bwinobwino, amafunikabe mankhwala moyo wawo wonse chifukwa cha chibadwa kapena ukalamba, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti khama lawo lapita pachabe, chifukwa mankhwala amagwira bwino ntchito m'thupi lopepukirapo.

Auzeninso adokotala za mankhwala ena onse amene mumamwa. Opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amakweza BP akamamwedwa kawirikawiri, ndipo anthu onenepa amawamwa kwambiri chifukwa cha mawondo ndi msana. Mankhwala a gulu la prednisolone ndi dexamethasone amanenepetsa komanso amakweza BP akamwedwa nthawi yaitali. Chenjerani kwambiri ndi mapiritsi ndi matiyi ochepetsa thupi amene amatsatsidwa pa intaneti. Mankhwala otchedwa sibutramine anachotsedwa pamsika ku Europe ndi ku America mu 2010 ataoneka kuti amawonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko, komabe akhala akupezeka atasakanizidwa mobisa m'zinthu zina zimene zimagulitsidwa ngati zachilengedwe. Kwa anthu onenepa kwambiri amene njira zinazi zawakanika, pali mankhwala ovomerezeka monga semaglutide ndiponso opaleshoni yochepetsa chifu, ndipo zonsezi zimatsitsa BP pamodzi ndi kulemera, koma ndi zoyenera kukambirana ndi dokotala amene akudziwa bwino thupi lanu. Mayi woyembekezera asayambe kudzichepetsa thupi payekha. Iye afunika kuyezedwa BP nthawi iliyonse imene wapita kusikelo, chifukwa kunenepa kumawonjezera ngozi ya BP yoopsa imene imabwera mayi ali woyembekezera.

Pamene mukutsatira zonsezi, kwerani pasikelo kamodzi pamlungu, tsiku lomwelomwelo m'mawa musanadye, yezani mimba kamodzi pamwezi, ndipo bwerezani masiku 7 oyeza BP aja pakatha miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, kapena monga adokotala akuuzirani. Padzafika milungu imene sikelo idzaima, kawirikawiri pakatha miyezi ingapo, chifukwa thupi laling'ono limagwiritsa ntchito chakudya chochepa. Pamenepo onaninso zakumwa ndi kukula kwa mbale musanaganize zodzimana. Koma tsiku lililonse limene makina asonyeza 180/120 kapena kuposa, pumani mphindi zingapo n'kuyezanso, ndipo ikakhalabe pomwepo kaonaneni ndi achipatala tsiku lomwelo. Ngati nambalayo yabwera limodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, mutu waukulu, kusaona bwino, kupindika kwa pakamwa, kulephera kulankhula kapena kufooka kwa mkono ndi mwendo mbali imodzi, musayezenso kachiwiri ndipo musadikire kuti kuche: pitani kuchipatala nthawi yomweyo.